Mlatho wa Kajekete

Mayi wa mafizo ku chipatala sanapsatire mawu. Anamukokera Thandie pakhonde, achimwene ake, a Aubrey, asakumva, n'kumuuza kuti dzanja logwidwa ndi sitiroko silidikira munthu. Ukalilekerera miyezi yoyambirira, zala zimapindika ndipo siziwongokanso. Mwendo wa a Aubrey unali utayamba kumvera, pakamwa patawongoka, koma dzanja lamanja linali lolemerabe. Ankafunika kufinya kampira, kutola nyemba imodziimodzi ndiponso kudzimangira mabatani a malaya tsiku lililonse, kaya afuna kaya safuna.

Tsono iwowo sankafuna. Munthu amene kwa zaka khumi ndi zisanu anali ejenti pamalire a Mwanza, wothamanga ndi mapepala a madalaivala a mathiraki kuchoka pawindo ili kupita pawindo ilo, wodziwika mpaka ku Zobue, lero mukamuuze kuti azitola nyemba m'mbale? Kampira kaja anakaponya padenga. Nyemba anauza akazi awo, a Flossie, kuti aphike. Ndipo anali ataneneratu kuti mwezi ukatha dzanja lili chomwecho, achoka paboma n'kukakhala kwa Kanduku, kumudzi kwa akazi awo. Kumeneko mafizo kulibe. Kuli mapiri, mbuzi ndi mpando wapakhonde. Thandie ankadziwa kuti akangokwera mtunda umenewo, za dzanja n'kuiwalako.

Thandie anali mlongo wawo wamng'ono, ndipo ankawakonda mopanda manyazi. Ntchito yake inali pakabenchi pafupi ndi geti la pamalire, pomwe ankaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mamemori pogwiritsa ntchito laputopu yakale yosweka pangodya. Ali pakabenchi pomwepo tsiku lina, akuona dalaivala wina akusewera gemu pafoni podikira mapepala, anakumbukira Kajekete.

Kale, iwo ali ana, kuseri kwa sitolo ya a Abbas kunali TV ndi kamakina ka gemu kochokera ku Joni. Gemu zinalipo zingapo, koma imene inkadzaza chipinda inali ya kamunthu kovala jekete yachikasu, konyamula nyali. Dzina lake lenileni palibe ankalitchula bwino, ndiye ana anangoti Kajekete. Chakumapeto kwa gemuyo kunali mlatho wa zipika zisanu ndi zinayi pamwamba pa phompho. Ukaponda chipika, chimagwa, ndiye uzidumpha pa nthawi yake yeniyeni, osafulumira, osachedwa. Anyamata a paboma onse ankathera pamenepo. Amene ankawoloka osagwa anali a Aubrey okha, ndipo nthawi zina ankawoloka akuyang'ana kumbali, akuseka anzawo. Thandie ankaonerera ali pakhomo, atabereka mwana wa eni. Padi, kachogwirira ka mabatani kaja, mtsikana sankapatsidwa, choncho iye Kajekete ankamudziwa ndi maso basi.

Kamakina kaja kanapsa kalekale magetsi atabwera mwaukali, ndipo a Abbas eni ake anatisiya. Koma Thandie atafufuza pa intaneti anapeza kuti padziko pano pali anthu a nthawi yambiri. Okonda gemuyo, popanda wowatuma kapena wowalemba ntchito, anaiphwasula chidutswachidutswa n'kuimanganso kuti iziyenda yokha pakompyuta, osafunanso kamakina kakale kaja. Ndipo sanaimange kamodzi. Zinalipo ziwiri, zomangidwa ndi anthu osiyana.

Anazikopera zonse, n'kubwereka padi kwa mnzake wokonza mafoni. Kwa masiku atatu, makasitomala akachepa, ankaziyerekeza monga amachitira mayi posankha chitenje pamsika: kutambasula ichi, kutambasula icho, kubwereranso pa choyamba. Yoyamba inamangidwa ndi gulu la anyamata a ku Amereka. Inkadzaza sikirini yonse, jekete ija ili psuu kuwala, nyali ikuoneka lawi lake, kamunthu kakuyenda mosalala ngati kathiridwa mafuta. Yachiwiri inali ya munthu mmodzi, Mpwitikizi, ndipo mawu ake onse anali a Chipwitikizi. Chithunzi chake chinali chofinyika, pamwamba ndi pansi pali mizere yakuda, ndipo Kajekete ankayenda mwaulesi, nyimbo ikukokeka. Thandie anaganiza kuti Mpwitikiziyo luso linamuchepera, kapena laputopu yake ikulemedwa. Anafunsako madalaivala awiri ndi mayi wina wosintha ndalama, onse analoza yowala ija osaganiza kawiri. Naye anasankha yomweyo. Ankafuna kuwapatsa achimwene ake chinthu chokongola, pakuti zonyansa anali ataziona zokwanira.

Loweruka masana anapita nayo kunyumba. Anapeza a Aubrey atakhala pampando, dzanja lili pamwendo ngati la munthu wina. Thandie anangoika laputopu patebulo n'kuyatsa. Nyimbo itangoyamba, a Aubrey anatukula mutu. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba chidwalire, mpaka a Flossie anatuluka m'khitchini ndi manja a sopo kudzaona chachitika n'chiyani.

Thandie anawauza kuti mutu ukhoza kuiwala koma zala siziiwala, ndipo zala zimenezi zinawolokapo mlatho kambirimbiri. Anawaikira padi m'manja, n'kukonza chala chachikulu cha kumanja kuti chikhale pa batani lodumphira. A Aubrey anayang'ana chalacho kwa kanthawi.

"Chabwino," anatero. "Ndikawoloka mlatho uja, nyemba zanuzo ndizitola. Ndikalephera, musandivutitsenso."

Thandie anavomera msangamsanga, mtima uli m'malere. Apa ndi pamene akanayenera kuchita mantha, koma munthu ukakhala ndi chikhulupiriro sumva kuti pansi paterera.

Zigawo zoyambirira anadutsa movutikira, akugwa n'kudzuka, thukuta lili pamphumi, koma anadutsa. Chala chija chinkagwira ntchito kuposa mmene chinagwirira milungu yonse ya kampira. Atafika pamlatho anakhala tsonga. Chipika choyamba, bwino. Chachiwiri, bwino. Pachachitatu Kajekete anapita nacho chipika kuphompho. Anayambiranso, n'kugwera pomwepo. Anayambiranso. Dzuwa linapendeka akugwera pa chipika chachitatu, mwina mwa apo ndi apo chachinayi.

Thandie anawasiyira laputopu Lamulungu lonse, ndipo sabata yotsatirayo ankatseka benchi msanga kuti awapititsire. A Aubrey sanali munthu wogonja msanga. Anamenya nkhondo masiku asanu ndi limodzi. Ankati nyimbo akuidziwa, malo odumphira akuwadziwa, mutu ukulamula pa nthawi yake, koma chala chikumafika chipika chitapita kale. Pang'ono pokha, koma mochedwa. Tsiku lomaliza sanakalipe, sanaponye kanthu. Anamubwezera Thandie padi ndi dzanja lamanzere n'kumuthokoza, ati wawathandiza kudziwa zoona. Mwezi usanathe n'komwe, pikapu inabwera kudzanyamula mipando ndi matiresi.

Thandie analira kubafa, komwe kulibe wokufunsa. Ankadziona kuti ndi iye amene anabweretsa woweruza m'nyumba, woweruzayo n'kugamula mowapweteka achimwene ake. Gemu zija sanazifufute, koma sankazitsegulanso. Akaimba foni kumudzi ankayankha ndi a Flossie, ndipo yankho linali limodzi: aliko, akudya bwino, dzanja ndiye salikhudza.

Panapita milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lina pabenchi panafika a Akram, mwana wa malemu a Abbas, amene tsopano ankayendetsa sitolo ya bambo awo. Iwo ndi a Aubrey anakulira limodzi m'chipinda cha gemu chija. Anabwera kudzaikitsa nyimbo za kaswida m'memori ya galimoto, ndipo akudikira anaona kachithunzi ka jekete yachikasu pasikirini. Bambo wamkulu wandevu zake anasanduka mwana pomwepo. Anapempha padi, Thandie n'kuwatsegulira yowala ija pomwe achimwene ake analekezera, pamlatho penipeni.

A Akram, a manja awiri abwinobwino, onyamula matumba a simenti, anagwera pa chipika chachitatu. Anayesanso, n'kugweranso pomwepo. Kachitatu anaika padi pansi n'kutchera khutu.

"Chemwali, nyimboyi ikuthamangira kuti?" anafunsa. "Sinkayenda chonchi iyi. Wina waiponda moto."

Thandie anati mwina aiwala, zaka zapitapo zambiri. A Akram anakana, ati nyimbo imeneyi anaimva tsiku lililonse kwa zaka zisanu kudzera pakhoma la sitolo, angaiwale dzina la mphunzitsi wawo koma osati imeneyi. Thandie anatseka yowalayo n'kutsegula ya Mpwitikizi, yofinyika ija, ya mizere yakuda. A Akram anangomva kulira koyamba n'kumenya benchi, ati eya, Kajekete wake ndi ameneyu, ngakhale mizere yakudayo inalipo pa TV ya bambo awo. Anasewera kuchokera poyambirira, makasitomala akudikira, ndipo atafika pamlatho anadumpha mpaka chipika chachisanu ndi chiwiri, pomwe ankagwera ali mnyamata.

Pa tsamba la Mpwitikizi uja panali mawu ambiri amene Thandie sanawalabadire poyamba. Anaitana dalaivala wina wa ku Tete yemwe ankadikira katundu wake, n'kumupempha kuti amuwerengere. Dalaivalayo anawerenga akutsata ndi chala, akumasulira m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chinyungwe. Mpwitikiziyo analemba kuti makina a gemu amene ankagulitsidwa ku Ulaya ndi kuno kwathu ankayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi a ku Amereka, chifukwa ma TV ake anali osiyana. Pomwe wa ku Amereka waponda kasanu ndi kamodzi, wathu waponda kasanu. Anthu ambiri amati yofulumirayo ndiye yeniyeni, ndipo amamuseka kuti anataya zaka zitatu kumanga gemu yaulesi. Koma iye anamanga imene anakula nayo, chifukwa zala zake zimadziwa imeneyo.

Dalaivalayo ataona nkhope ya Thandie anafunsa ngati wawerenga molakwa. Sanalakwitse. Wolakwa anali Thandie, amene anayesa ndi maso chinthu chofunika kuyesa ndi zala, n'kukafunsa anthu amene Kajekete sanamuonepo, kusiya a Akram ali pamtunda wa mphindi khumi. Safunsa anadya phula, koma apa phula analidya ndi wina. Chala cha achimwene ake sichinkachedwa ayi. Chinkafika pa nthawi yake yeniyeni, nthawi ya zaka makumi awiri zapitazo, mlatho ndi umene unkathawa.

Sanadikire Loweruka. M'mawa mwake anatchaja laputopu mpaka kudzaza, podziwa kuti kumudziko magetsi kulibe ndipo batire lake silitha ola. Anaikulunga m'chitenje ndi m'pulasitiki, chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Njira yonse yokwera kwa Kanduku, m'miyala ndi m'makhwawa, ankayeseza mawu oti akanene. Anali wosangalala ndi wamantha nthawi imodzi, ndipo ankadziuza kuti milungu isanu ndi umodzi si yambiri.

Anawapeza a Aubrey pakhonde la nyumba ya apongozi awo, akulondera mtedza woyanika kuti mbuzi zisadye. Pambali pawo panali mulu wa timiyala togendera, kumanzere. Anali atanenepa kumaso, atameta mpala, atavala malaya opanda mabatani. Thandie atagwira dzanja lija powapatsa moni anamva kuti zala ziwiri zakumapeto zapindikira m'kati ndipo zalimba. Koma chachikulu chinkagwedezekabe. A Flossie anabwera kuchokera kudimba, anamulonjera mlamu wawo, n'kukhala pamphasa chapatali pang'ono.

Thandie anafotokoza zonse mwadongosolo: za gemu ziwiri, za a Akram, za dalaivala wa ku Tete, za kuponda kasanu m'malo mwa kasanu ndi kamodzi. Anapepesa, ati kulakwa konse n'kwake. A Aubrey anamvetsera akuyang'ana mtedza. Atamaliza, sananene kuti akhulupirira kapena ayi. Anangoti poti wavutika ulendo wonsewu, abweretse.

Anaika laputopu pampando, pamthunzi. Nyimbo yokokeka ija itayamba, Thandie anaona phazi la achimwene ake likugunda pansi motsatira. A Akram anali atasiya gemuyo pamlatho, choncho panalibe zoyambira kutali. Padi inavuta kukhazikika chifukwa cha zala zopindika zija, mpaka anaitsamiritsa pabondo. Ulendo woyamba anagwa pa chipika chachisanu. Ulendo wachiwiri Thandie anawerenga chamumtima: chachitatu, chachinayi, chachisanu. Chala chija chinkatsika chokha, chosafunsa munthu. Chachisanu ndi chiwiri, pogwera a Akram. Chachisanu ndi chitatu. Chachisanu ndi chinayi. Kajekete anatera kutsidya, nyali ili m'manja.

A Flossie anagwira pakamwa. Thandie anaimirira osadziwa, misozi ili mbwembwembwe, akuseka. Anatembenuka kuti awaone achimwene ake, n'kupeza nkhope yawo ili gwa.

"Waichedwetsa," anatero.

Thandie anati ayi, sanakhudze chilichonse, imeneyi ndi mmene inalili kwa a Abbas.

"Iwe ntchito yako ndi ya makompyuta. Wakhala pansi, waganiza kuti achimwene aja ndiwapangire ya odwala. Waichita bwino, sindikunama."

"Achimwene, ndikulumbira. Afunseni a Akram. Nawonso yofulumira ija inawagwetsa pa chachitatu."

"Akram ndi mnzanga. Anena chilichonse chimene wamupempha."

Thandie anatsegula tsamba la Mpwitikizi limene analisunga, n'kuwalozera mawuwo. A Aubrey Chipwitikizi chapamalire ankachidziwa, cha moni ndi cha mapepala a katundu, koma sanafune n'kuwerama komwe. Anati pa intaneti munthu amapeza chilichonse chimene akufuna kupeza. Kenako analankhula motsitsa, mopanda mkwiyo, ndipo zimenezi ndi zimene zinamupweteka Thandie koposa. Anati chibwerereni kuno aliyense amawachepetsera zinthu. Apongozi amawapatsa ntchito ya ana n'kumawayamika ngati alima ekala. Akamasewera bawo pansi pa mtengo, madala amadya mochedwa dala kuti iwo apambane. Abusa akabwera amalankhula nawo pang'onopang'ono ngati samva. Onsewo ndi achikondi, ndipo onsewo amanama. Ankaganiza kuti mlongo wawo yekha ndi amene anawauzapo zoona.

A Flossie anayesa kuikapo mawu, ati bambo, chala chagwira ntchito tonse tikuona, kaya yochedwa kaya yofulumira. A Aubrey anamuuza Thandie kuti atsegule ina ija.

Thandie anakana. Anati imeneyo si yawo, ndi ya anthu ena, a dziko lina, ndipo ngakhale atakhala ndi manja anayi sangaiwoloke lero. A Aubrey anati ngati sakubisa kanthu atsegule. Batire linali litafiira. Akanatha kunamizira kuti lazima, ndipo anaganizadi zotero, koma anaona kuti bodza limodzi lokha likwanira kutsimikiza zonse zimene achimwene ake ankanena. Anatsegula.

Sikirini inadzaza, jekete ili psuu, nyimbo ikuthamanga. Chipika choyamba. Chachiwiri. Pachachitatu Kajekete anapita kuphompho.

A Aubrey anapumira m'mwamba, ndipo Thandie anaona chinthu chimene sanachiyembekezere: nkhope yawo inamasuka. Anali ngati munthu amene mlandu wake watha, ngakhale wamugwera.

"Waona?" anatero. "Iyi ndiye sinama."

Kamakina ka a Abbas kanapsa, eni ake ali kumanda, ndipo mboni zonse zotsala zinali anthu owakonda a Aubrey. Thandie anazindikira kuti kuyambira tsopano chilichonse choona chimene angabwere nacho paphiri pano chidzaoneka ngati chisoni, ndipo akachilimbikira kwambiri ndi pamene chidzaonekere kwambiri. Anamva chisoni chenichenicho tsopano, cholemera, ndipo anayesetsa kuti chisaoneke kumaso.

Anapempha kuti awasiyire padi, azingodina mabatani ngakhale popanda gemu. A Aubrey anati aitenge, ndi ya eni, ana a pano angaiwononge. Kenako ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kuliika bwinobwino pamwendo, ndipo anauza a Flossie kuti amuitanire mlamu wawo kabaza mvula isanatseke njira.